Jack Benny: woumira ndalama, wopatsa nthabwala

Madzulo a Lamulungu pa 28 Malichi 1948, anthu miyandamiyanda ku America adatchera khutu ku wailesi monga mwa chizolowezi chawo. Zimene adamva n'zachidule. Mkulu wina akubwerera kwawo usiku ali yekhayekha, nsapato zikungomveka go! go! go! pamsewu. M'manja wanyamula kafano ka mphoto ya Oscar kamene wabwereka kwa mnansi wake. Mumdima mukutuluka munthu, wayamba n'kupempha machesi, kenaka watulutsa mfuti. Akumuuza mkuluyo kuti asankhepo chimodzi, kupereka ndalama kapena kutaya moyo.

Mkulu uja ali duu.

Anthu amene adadzaza mu situdiyo adayamba kuseka iye asadatsegule n'kukamwa komwe. Wachifwamba uja atatopa nako kudikira adabwereza mawu ake mwaukali, ndipo mkuluyo, mokwiya ngati munthu amene amusokoneza pa ntchito yofunika, adayankha kuti akuganizabe. Nyumba yonse idafa nalo phwete.

Tayesani kumufotokozera mnzanu nthabwala imeneyi m'basi kapena ku ofesi. Angomwetulira pang'ono pokusungirani ulemu, basi. Mukailemba papepala siikwana n'mizere isanu yomwe, ndipo mulibe mawu okuluwika kapena nzeru zakuya. Nanga n'chifukwa chiyani mpaka lero akaundula a mbiri ya wailesi amaitchula ngati imodzi mwa nthabwala zotchuka kwambiri za nthawi imeneyo? Yankho lake n'lakuti nthabwalayi sidalembedwe sabata imeneyo. Idakhala ikumangidwa kwa zaka pafupifupi 16. Mkulu woyenda usikuyo adali Jack Benny, ndipo pofika 1948 padalibe womvera wailesi ku America amene sankadziwa kuti Benny ndi munthu woumira kotheratu, woti tambala kuti ichoke m'thumba mwake mpaka thukuta litakamba. Wachifwamba atangofunsa funso lake, womvera aliyense adayankha yekha mumtima. Chimene chidawaseketsa ndi chete uja, chifukwa mkati mwa cheteyo ankamuona Benny akuika moyo wake ndi chikwama chake pasikelo.

Akuluakulu amati tsabola wakale sawawa, ndipo nthabwala zambiri za pa wailesi za zaka za m'ma 1930 ndi 1940 zidasukulukadi. Koma mapulogalamu a Benny, omwe mazanamazana adasungidwa ndipo akupezeka pa intaneti, akadali ndi ukali wake. Ndikufuna tione chimene chidawasunga, komanso malo amene adaola, pakuti alipo.

Dzina lake lenileni adali Benjamin Kubelsky. Adabadwira ku Chicago pa 14 Febuluwale 1894 m'banja la Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, nakulira m'tauni ya Waukegan. Adayamba ngati woimba vayolini m'magulu a zisudzo oyendayenda m'matauni, ndipo pang'onopang'ono kuimba kudayamba kuchepa, kulankhula n'kumachuluka. Pulogalamu yake ya pa wailesi idayamba pa 2 Meyi 1932 pa nyumba youlutsira mawu ya NBC, ikulipiridwa ndi kampani ya zakumwa ya Canada Dry. Idasamukira ku CBS mu Januwale 1949, n'kudzatha pa 22 Meyi 1955. Zaka 23 zathunthu, ndipo zambiri mwa izo pa nthawi imodzimodzi, Lamulungu 7 koloko madzulo.

Wailesi idali chilombo chodya nthabwala. M'zisudzo zoyendayenda zija, munthu ankatha kukhala ndi kasewero kamodzi ka mphindi khumi n'kudyera komweko zaka zingapo, popeza tauni iliyonse idali ndi anthu atsopano. Pa wailesi, dziko lonse linkamva kaseweroko usiku umodzi, ndipo sabata yotsatira linkafuna kena. Anthabwala ambiri otchuka adauma msanga ngati chitsime cha mu Okutobala. Benny nayenso poyamba adali chabe woyendetsa mwambo, kuponya nthabwala imodziimodzi pakati pa nyimbo za bandi. Koma iye ndi mlembi wake woyamba, Harry Conn, adatulukira njira ina. M'malo mosaka nthabwala zatsopano sabata ndi sabata, adasandutsa anthu onse a pa pulogalamuyo kukhala atengambali: woulutsa malonda, woimba, mkulu wa bandi, aliyense n'kupatsidwa khalidwe lake. Pulogalamu idasanduka nkhani ya gulu la anthu amene akuyesa kukonza pulogalamu, uku akukangana ndi bwana wawo. Nthabwala ikaphulika kamodzi yatha ntchito, pamene khalidwe la munthu limabereka zoseketsa tsiku ndi tsiku, monga aliyense amene ali ndi malume ovuta angachitire umboni.

Conn adachoka mu 1936 atasemphana maganizo ndi Benny pa nkhani ya malipiro ndi ulemu. Bill Morrow ndi Ed Beloin adatenga malo ake mpaka 1943, kenaka kudabwera anayi: Sam Perrin, George Balzer, Milt Josefsberg ndi John Tackaberry. Ndikuwatchula dala maina chifukwa alembi a nthabwala amaiwalika msanga, chonsecho Benny amene dziko lidamudziwa adaumbidwa ndi manja awo, chaka ndi chaka, monga muja amaumbira mtsuko.

Ndipo chimene adaumba ndi munthu wodzaza ndi zilema za mumtima. Woumira, inde, komanso wodzimva. Amakhulupirira kuti ndi katswiri wa vayolini pamene akaigwira imalira ngati mphaka woponderezedwa ndi chitseko. Amadziona ngati dolo pamaso pa akazi. Amanyadira maso ake abuluu. Zaka zake zidafika pa 39 n'kuima pomwepo, osasunthanso mpaka kalekale. Ndi wamantha, wansanje, wosachedwa kunyanyala ngati mwana. M'nyumba mwake muli telefoni yoti mlendo aponyemo ndalama asadaimbe. Amachapa zovala za anzake a pa ntchito n'kumawalipiritsa. Mu kontirakiti ya mnyamata woimba pa pulogalamu yake adalembamo kuti azidzatchetchanso kapinga kunyumba kwa bwana.

Tsono apa ndi pamene pali chodabwitsa cha munthuyu. Mwini pulogalamu, amene dzina lake ndiye lidali pachikwangwani, adalola kuti nthabwala zonona zonse zizinenedwa ndi ena, iye n'kukhala chandamale. Mary Livingstone, amene m'moyo weniweni adali mkazi wake kuyambira 1927, ankasewera ngati mtsikana wa pakamwa pakuthwa, wodziwa kuphulitsa matama a Benny ndi chiganizo chimodzi. Phil Harris, mkulu wa bandi kuyambira 1936, adali chidakwa chodzikonda, mbuli yosangalala ndi umbuli wake. Dennis Day, amene adalowa mu 1939, adali mnyamata wa mawu okoma poimba koma wa nzeru zozondoka, woti akayamba kufotokoza chinthu Benny mutu unkazungulira. Don Wilson ankaulutsa malonda. Frank Nelson ankatulukira paliponse pamene Benny wapita, lero kalaliki wa m'sitolo, mawa wogulitsa matikiti pa siteshoni, ndipo paliponsepo ankadana naye Benny popanda chifukwa. Onsewa ankamunyoza bwana wawo, iye n'kumangoyankha ndi kamawu kamodzi kodandaula, kapena kungoti zii.

Anthabwala ambiri sangapirire zimenezi. Timawaona ngakhale kwathu kuno: munthu akangotchuka pang'ono amafuna kuti chiseko chilichonse chizichokera pakamwa pake, anzake pa siteji n'kusanduka mitengo yongomuimikira. Benny adazindikira kuti Lolemba m'mawa anthu ku ntchito sadzafunsana kuti nthabwala ija adanena ndani, adzangoti pulogalamu ya Benny dzulo idali bwino. Ndiye chifukwa chake ndikuti munthuyu adali woumira m'sewero koma wopatsa pa luso. M'moyo weniweninso sadali woumira. Ankaimba vayolini bwino ndithu, ndipo m'zaka zake zakumapeto adayenda m'mizinda yambiri kuchita makonsati osonkhetsa ndalama zothandizira magulu a oimba. Vayolini yake ya mtundu wa Stradivarius adaisiyira gulu la Los Angeles Philharmonic.

Kuti mumvetse m'mene khalidwe limaberekera sewero lonse, mverani pulogalamu ya mu Disembala 1946, pamene Benny apita kukagula mphatso za Khirisimasi. Don Wilson wamugwirira ntchito zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Benny waganiza zomugulira zingwe za nsapato. Pamenepo pokha nthabwala yakwana, mlembi waulesi akadalekera pomwepo. Koma zingwezo zilipo za mitundu iwiri, zina zachitsulo kunsonga, zina zapulasitiki. Benny agula zina, kalaliki azikulunga bwinobwino m'pepala la mphatso. Benny ayenda pang'ono m'sitolomo, wina amuuza maganizo ena, abwerera kukasintha. Kalaliki amasula, akulunganso. Benny abweranso. Kalalikiyo, amene ankaseweredwa ndi Mel Blanc, ayamba ndi ulemu wonse wa munthu wa pa kauntala, kenaka mawu ayamba kunjenjemera, mapeto ake ndi munthu wolira, wosweka mtima, woti ukamumva chisoni ndi chiseko zimabwerera limodzi. Palibe pamene Benny akunena chinthu choseketsa. Iye ali pa ntchito yaikulu, akufuna kusankha bwino. Aliyense amene adagulitsapo kanthu pa msika adakumana naye kasitomala ameneyu, wogwiragwira tomato wa mulu wonse kuti agule mmodzi. Seweroli lidakondedwa kwambiri mwakuti lidasanduka mwambo wa chaka ndi chaka, mphatso yokha n'kumasintha, kalaliki yemweyo n'kumanjenjemera akangomuona Benny akulowa.

Taonani chimene chikuchitika pamenepa. Chaka chachiwiri, womvera akuseka kale kalaliki asadalankhule, chifukwa akukumbuka za chaka chatha. Alembi a Benny ankasunga chuma chawo m'mutu mwa omvera, n'kumakatapa pamene afunira.

Mel Blanc yemweyu, amene ambiri amamudziwa ngati mawu a Bugs Bunny, ndiye adali msana wa zomveka zonse za pulogalamuyi. Ankalira ngati chinkhwe cha Benny. Ankasewera Professor LeBlanc, mphunzitsi wa vayolini wa ku France amene ankavutika kawiri, koyamba pomvera kuimba kwa wophunzira wake, kachiwiri polondalonda malipiro ake ochepawo. Ndipo ankatsanzira ndi pakamwa injini ya galimoto ya Benny, chiphapha cha mtundu wa Maxwell, mtundu umene udaleka kupangidwa m'ma 1920. Galimotoyo ikamalizidwa inkatsokomola, kuyetsemula, kubanika, kupuma mwa befu ngati nkhalamba yokwera phiri, kenaka n'kuzima.

Koma chimene chimandigwira mtima kuposa zonse ndi chipinda chosungiramo ndalama. Benny sakhulupirira banki, choncho chuma chake chili pansi pa nyumba. Akafuna kutapako kangachepe, timamva mapazi akutsika masitepe, kutsika, kutsikabe. Maunyolo akulira. Chitseko chachitsulo chikukukuta. Pansipo pali mlonda, dzina lake Ed, amene wakhala kumeneko zaka zosawerengeka osaona dzuwa, ndipo amafunsa nkhani za kunja zimene zidatha kalekale. Kenaka mabelu ndi malipenga ochenjeza za akuba alira mogonthetsa m'khutu, zonsezi kuti munthu atengeko ndalama yogulira nyuzipepala. Palibe katswiri womanga siteji amene angamange chipinda chozama ngati chimene womvera amamanga m'mutu mwake. Pulogalamuyi italowa pa kanema mu 1950 adayesa kuonetsa zina mwa zinthuzi, ndipo kwa ine zidachepa mphamvu. Dzenje ukaliona ndi maso limakhala ndi polekezera.

Ife a kuno izi sitiyenera kuchita kuuzidwa. Dziko lathu lidakhala lopanda nyumba yakeyake ya kanema mpaka 1999, kotero nyengo imene Amereka amaitcha yagolide ya wailesi, yomwe kwawo idazilala m'ma 1950, kwathu idapitirira zaka makumi anayi zina. Amene adakula akuzinga wailesi ya mabatire kudikira Kapalepale kapena Pamajiga pa MBC akudziwa kuti mtengambali wa pa wailesi umamuzindikira ndi kutsokomola kokha, ndipo nkhope yake aliyense amajambula yake. Chimene chimandidandaulitsa ndi masewero ambiri a pa wailesi a masiku ano n'chakuti amayamba ndi uthenga, munthu n'kubwera pambuyo. Sabata ino bambo wa m'seweromo ndi chidakwa chifukwa phunziro ndi la mowa, sabata yamawa ndi wanzeru chifukwa pakufunika wina wolangiza za katemera. Munthu wotere womvera sangamusunge mumtima, ndipo tsiku limene adzakhale chete palibe adzaseke, chifukwa palibe akudziwa chimene chili m'mutu mwake.

Tibwerere ku America. Njira yabwino yoyezera Benny ndi kumuika pambali pa mnzake Fred Allen. Awiriwa adali pa "chidani" chotchuka chimene chidayamba pa 30 Disembala 1936, pamene mnyamata wa zaka 10, Stuart Canin, adaimba vayolini mwaluso pa pulogalamu ya Allen, Allen n'kuponya mawu oti Benny achite manyazi. Benny adabwezera pa pulogalamu yake, ndipo kutukwanizana kwa masewera kumeneku kudapitirira zaka pafupifupi makumi awiri, chonsecho kuseri adali mabwenzi a ponda apa m'pondepo. Kunena zoona, Allen adali wanzeru kuposa Benny. Ankalemba yekha zambiri, lilime lake lidali lumo, ankaseka andale, mabwana a nyumba zoulutsira mawu ndi nkhani za m'nyuzipepala za sabata imeneyo. Mukawerenga zolemba za awiriwa papepala, Allen apambana kutalitali. Koma mukamvera lero, theka la nthabwala za Allen zimafuna wina akufotokozereni kuti wakutiwakuti adali yani ndipo adachita chiyani mu 1941. Za Benny sizifuna womasulira. Kuumira, kudzimva ndi kuopa ukalamba sizidatuluke m'fashoni. Pulogalamu ya Allen idatha mu 1949 itagonja kwa pulogalamu ya mafunso yogawa mphoto, pamene ya Benny idapitirira.

Apa ndisanamizire kuti nthabwala zoluma andale n'zachabe. Ife amene tidaona nthawi imene kuseka wolamulira kudali mlandu tikudziwa mtengo wake. Benny sadaikepo khosi lake pa chipika mwa njira imeneyo, ndipo ena angati nthabwala zake zidali zofewa, zosautsa aliyense, zoyenera kampani yogulitsa zakudya zotsekemera. Pali choonadi pamenepo. Koma pali malo amodzi pamene pulogalamuyi idaponda pa minga, ndipo mpamene pakufunika kuchedwapo.

Mu 1937 mudalowa Eddie Anderson, munthu wakuda wa mawu okhakhala ngati chitini chokwekwesa pa mwala. Adayamba ngati wonyamula katundu mu sitima, gawo la tsiku limodzi, koma omvera adamukonda ndipo adasanduka Rochester, wantchito wa m'nyumba wa Benny. Kumbukirani kuti pa nthawiyo pulogalamu yotchuka yonena za anthu akuda, Amos 'n' Andy, inkaseweredwa ndi azungu awiri, Freeman Gosden ndi Charles Correll, otsanzira kalankhulidwe ka anthu akuda. Anderson adali munthu wakuda weniweni, wokhala ndi malo okhazikika pa pulogalamu yomveka dziko lonse, ndipo adafika pokhala mmodzi mwa asangalatsi akuda olandira ndalama zambiri m'zaka za m'ma 1940.

Kodi tiziti chimenechi chidali chitukuko kapena chipongwe chovala suti? Ine ndikuti zonse ziwiri, ndipo wonena chimodzi chokha akubisa theka. M'zaka zoyambirira alembi adamusenzetsa Rochester katundu yense amene azungu ankasenzetsa munthu wakuda m'nthabwala zawo: njuga, kachasu, akazi, lumo la m'thumba, ulesi. Mapulogalamu amenewo ukamawamvera lero pena umachita tsinya. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Benny ndi alembi ake adachotsa zambiri mwa zimenezi, ndipo Rochester amene adatsala ndi munthu wochenjera kuposa onse m'nyumbamo. Ndiye amadziwa kumene kuli tsitsi loikirira la bwana, amadziwa zaka zenizeni za bwana, amadziwa kuti malipiro ake ndi nthabwala payokha ndipo sachita manyazi kunena. Bwana akayamba kudzitama pa telefoni, Rochester amamutsitsa ndi funso limodzi laulemu. Mawu omaliza kawirikawiri amakhala ake.

Owerenga a m'tauni muno, amene ambiri adakulira m'nyumba za antchito kuseri kwa nyumba za mabwana, kapena lero ali ndi wantchito wawo, aizindikira nthabwala imeneyi msanga. Wophika ndi wochapa amamudziwa bwana kuposa m'mene bwana amadzidziwira. Kuseka kwa Rochester ndi kuseka kwa kukhitchini, kumene kumachitika bwana akangotuluka, koma pano kukuchitika pamaso pake, dziko lonse likumva. M'dziko limene m'zigawo zake zakumwera munthu wakuda sankaloledwa kudya m'lesitilanti imodzi ndi mzungu, chimenechi sichidali chaching'ono. Komabe tisaiwale: zaka zonsezo Rochester adakhalabe wantchito. Phil Harris ndi Mary ankamutchula Benny ndi dzina lake loyamba kapena lachibwana, pamene Rochester ankati bwana. Anzake aja ankasewera pogwiritsa ntchito maina amene ankadziwika nawo pa siteji, koma Anderson adabatizidwa dzina la m'sewero limene lidamukanirira moyo wake wonse, ambiri osadziwa n'komwe kuti ndi Eddie Anderson. Luso limene ndikulitamali, lomanga khalidwe losasintha, lili ndi mbali yake yowawa. Khalidwe likakhazikika limasanduka khola. Benny adatsekeredwa m'khola la zaka 39, n'kumalemera nalo. Anderson adatsekeredwa m'khola la yunifolomu, ndipo khola limenelo sadamange ndi alembi okha, lidamangidwa ndi dziko lonse.

Zilema zina n'zazing'ono koma zilipo. Nthabwala zonena za kunenepa kwa Don Wilson zidabwerezedwa mpaka kufika potopetsa. Atsikana awiri olumikiza matelefoni, Mabel ndi Gertrude, nthawi zambiri ankasekedwa chifukwa cha maonekedwe ndi kusowa mwamuna. Nyimbo ya pakati pa pulogalamu, kwa womvera wa lero, ndi nthawi yokathira madzi pa moto. Ndipo pali malonda. Kuyambira 1934 mpaka 1942 pulogalamuyi inkagulitsa Jell-O, ndipo alembi adali akatswiri polowetsa malondawo m'kati mwa sewero mwakuti womvera ankaseka uku akugulitsidwa katundu. Kuyambira 1944 luso lomwelo lidagwiritsidwa ntchito pogulitsa fodya wa Lucky Strike, ndi kagulu ka oimba anayi kosandutsa nyimbo iliyonse kukhala yotamanda ndudu, Benny n'kumakalipa kuti aleke. N'zoseketsa ndithu, ndipo mpamene pali vuto. Chikondi chimene mabanja adali nacho pa anthu a m'seweroli ndicho chidali katundu weniweni amene kampani ya fodya inkagula. M'zaka zomaliza, cha m'ma 1953 kupita mtsogolo, pulogalamu ya pa wailesi idayambanso kuyenda ndi mphamvu ya chizolowezi chabe, maso a Benny ali ku kanema, zolemba zakale zina n'kumabwerezedwa.

Pali chenjezo limodzi kwa amene angafune kuyesa kumvera. Pulogalamu yoyamba imene mudzamve mwina sidzakuseketsani. Mudzamva anthu mu situdiyo akufa ndi chiseko pa mawu wamba, inu n'kumadabwa ngati mlendo wofika pakati pa macheza a pachibale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi za pakati pa 1945 ndi 1950, mverani zisanu kapena zisanu ndi imodzi motsatizana, ndipo mudzangozindikira kuti mwayamba kuseka Frank Nelson asadamalize liwu lake loyamba. Chingerezi chake n'chosavuta, amalankhula modekha, ndipo Benny sathamanga. Anzake ambiri a nthawi imeneyo ankawombera nthabwala motsatizana ngati chimanga chokazinga, poopa kuti pakangokhala chete womvera apotokola wailesi kupita kwina. Benny ankadikira. Pa wailesi, pamene chete ndi mdani, iye adamusandutsa wantchito wake.

Umboni wa kukula kwa chikhulupiriro chake mwa omvera udaoneka kumapeto kwa 1945, pamene pulogalamuyi idalengeza mpikisano woti anthu alembe makalata ofotokoza chifukwa chimene amadana naye Jack Benny. Kudabwera makalata oposa 200,000, ndipo mmodzi mwa oweruza adali Fred Allen. Ndi msangalatsi uti amene angapemphe dziko lonse kuti limunyoze, n'kupereka mphoto kwa wonyoza bwino? Chaka chomwecho filimu yake, The Horn Blows at Midnight, sidachite bwino pa msika, ndipo m'malo moikwirira adaisandutsa nthabwala imene anzake ankamutonza nayo kwa zaka zambiri. Chilichonse chomuchotsa ulemu chidali chuma. Ndikuganiza kuti anthu ankamukonda chifukwa zilema zake zidali zawo zomwe, zongokulitsidwa pang'ono. Tonse tidayambapo tachedwetsa dzanja popita kuthumba bilu ikafika pa tebulo, kudikira kuti mwina mnzathu ayamba ndiye. Benny ankachita zimenezo poyera, m'malo mwathu, ndipo ankalangidwa sabata iliyonse popanda kuphunzirapo kanthu.

Adamwalira pa 26 Disembala 1974 ali ndi zaka 80, ndipo nyuzipepala zambiri sizidathe kudziletsa kutchulapo 39 uja.

Za kafano ka Oscar kaja, nkhani sidathere pa msewu usiku umene uja. Mwini wake adali Ronald Colman, katswiri wa mafilimu wa ku England amene pamodzi ndi mkazi wake Benita Hume ankasewera ngati anansi a Benny, anthu aulemu wawo otopa ndi mnansi wobwereka chilichonse kuyambira shuga mpaka ziwiya. Colman adali atangolandira kumene mphotoyo mwezi womwewo chifukwa cha filimu ya A Double Life. Wachifwamba adathawa nako kafanoko, ndipo kwa masabata angapo otsatira Benny adazungulira Hollywood yense, kuyesa kubwereka Oscar wa anthu ena, kuphatikizapo Bing Crosby, kuti akabweze kwa Colman mwakachetechete. Zogula wina watsopano kapena kulipira sizidamufikire n'komwe m'maganizo. Pamapeto pake zidadziwika kuti wachifwamba uja adachita kutumidwa ndi Colman yemweyo, pofuna kumuphunzitsa mnansi wake kuti aleke kubwerekabwereka. Benny sadaleke.